Kutentha Thupi kwa Mayi pa Nthawi ya Kubereka

M'Chichewa mayi woyembekezera amatchedwa wapakati, ndipo akabereka bwino anthu amauzana kuti wachira. Makolo amene adapeka mawu awiriwa sadali kusinjirira ayi: adaona ndi maso awo kuti pa tsiku la kubereka mayi amaima pakati pa moyo ndi imfa, ndipo kuti wotulukamo wamoyo ali ngati munthu wodzuka pa mphasa ya matenda aakulu. Zazikulu zimene zimagwetsa amayi pa tsikulo ndizo kutaya magazi, kukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, mwana kukanika kutuluka, ndiponso tizilombo tolowa m'chiberekero. Phunziro lino likunena za chotsirizachi. Kawerengedwe ka bungwe la WHO ka mu 2014 kadaonetsa kuti mwa amayi 10 omwalira chifukwa cha uchembere pa dziko lonse lapansi, mmodzi amaphedwa ndi tizilombo totere. Ndipo kawirikawiri chizindikiro chake choyamba ndicho kutentha thupi.

Nkhaniyi si ya anamwino okha. Pamudzi zinthu zikathina usiku, khomo loyamba kugogodedwa nthawi zambiri ndi la katekisiti kapena la amayi akuluakulu a Mpingo, ndipo mawu amene iwo anganene m'mphindi zoyambazo ndiwo amene amanyamula banja kupita nalo ku chipatala, kapena kulikhazika pansi kuti lidikire kucha.

Mawu amodzi, matenda ambiri

Chosokoneza choyamba chili m'kalankhulidwe. Mawu akuti malungo amatchula matenda obwera ndi udzudzu, koma amatchulanso kutentha thupi kwa mtundu uliwonse, kotero kuti munthu akaphwanya m'thupi ndi kunjenjemera, a pabanja amangoti ndi malungo, namgulira mapiritsi pa golosale, n'kumufunditsa bulangete. Munthu wamba nthawi zina amapulumuka nacho chizolowezi chimenechi. Koma kwa mayi amene matenda a kubereka amuyamba, n'choopsa ndithu. N'zoona kuti malungo a udzudzu amagwira amayi apakati koposa anthu ena, makamaka a mimba yoyamba, ndipo n'chifukwa chake dziko la Malawi lidayamba mu 1993 kumwetsa amayi Fansidar ku sikelo. Komatu kutentha thupi pa nthawi ya kubereka kungachokerenso m'chikhodzodzo ndi mu impso, kungachokere m'mapapo ngati chibayo, kungadze chifukwa cha kuchepa kwa madzi m'thupi mayi akavutika maola ambiri osamwa kanthu, ndipo koposa zonse kungachokere m'chiberekero momwemo, m'madzi amene mwana akukhalamo. Dzanja loikidwa pamphumi silingathe kusiyanitsa zimenezi. Ngakhale magazi ayezedwe n'kupezeka ndi malungo, sindiye kuti mlandu watha, pakuti adani awiri amatha kulowa m'mudzi usiku umodzi.

Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pa madigiri 37, kapena pafupi ndi pamenepo. Mayi wobereka akafika pa 38 kapena kupitirira, mzamba wophunzira amadziwa kuti pali kanthu kofunika kukafufuza msanga.

Linga ndi alonda ake

Kuti munthu amvetse kuopsa kwake, ayambe wadziwa m'mene Mlengi adatchinjirizira thupi. Mabakiteriya ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, tating'ono kotero kuti 1,000 tondandalikidwa pa mzere umodzi tingakwane pa milimita imodzi yokha. Tili paliponse: m'dothi, m'madzi, pakhungu, pakhosi, m'matumbo. Tambiri n'tosalakwa, tina n'tothandiza kumene. Mphamvu ya toipato ili pa kuswana. Pamalo pofunda ndi ponyowa, pokhala chakudya chokwanira, kachilombo ka m'matumbo kotchedwa E. coli kamadzigawa pawiri mphindi 20 zilizonse. Wodziwa masamu awerengetse yekha: pakatha maola 7, kamodzi kaja kasanduka toposa 2,000,000.

M'masiku a nkhondo za Angoni midzi yambiri idadzizinga ndi malinga, chifukwa mdani wolephera kulowa safuna kumenyana naye. Thupi nalonso lili ndi linga lake, ndilo khungu, pamodzi ndi ntchofu ya m'mphuno, misozi, malovu ndi timadzi towawasa ta m'mimba. Koma mwana wosabadwa adazingidwa ndi malinga ena atatu. Loyamba ndi mabakiteriya abwino okhala m'njira ya mwana, abale ake a aja amene amasandutsa mkaka kukhala chambiko. Iwo amawawasitsa malowo kuti tizilombo tachilendo tisapezepo pokhala. Lachiwiri ndi ntchofu yolimba imene imatseka khomo la chiberekero miyezi yonse ya pakati, monga chitsekerero pa botolo. Lachitatu ndi nsupa, thumba lija losunga mwana ndi madzi ake.

Mdani akabowola linga amakumana ndi alonda. Mu 1882, ku Messina pa chilumba cha Sicily, katswiri wa ku Russia dzina lake Élie Metchnikoff adabaya ndi kaminga kamwana ka kanyama kena ka m'nyanja yamchere, kamene thupi lake limaonekera m'kati ngati galasi. M'mawa mwake, poyang'ana pa chipangizo chokulitsa zinthu, adapeza timaselo tambirimbiri taunjikana pa kamingako monga linthumbu pa fupa. Apo adazindikira kuti m'thupi muli maselo oyenda okha, amene ntchito yawo ndi kusaka chachilendo, kuchizinga ndi kuchimeza. Amenewa ndi maselo oyera a m'magazi, amene anthu masiku ano amawatcha asilikali a m'thupi. Amabadwira m'mongo wa mafupa, ndipo m'kadontho ka magazi kochepa ngati mutu wa phini mumakhala asilikali pakati pa 4,000 ndi 11,000. Mafinya otuluka pa chithupsa si chinthu china ayi, koma mitembo ya asilikaliwa yosakanikirana ndi mitembo ya adani awo.

Pali gulu linanso la asilikali, lochedwa koma lanzeru. Munthu akapunthwa chala cha kuphazi bala n'kuyamba kututuma, pakapita masiku mwanabele amatupa pa ntchafu. Mwanabeleyo ndi bwalo limene asilikali a gulu lachiwirili amasonkhanapo kuti amuphunzire mdani, ndipo akamudziwa amasula zida zomuyenera iye yekhayo, n'kuzimwaza m'magazi. Amamukumbukiranso zaka zambiri, ndipo katemera amatsamira pa chikumbumtima chimenechi. Koma kusula zida za mdani watsopano kumatenga mlungu wathunthu kapena kuposerapo. Apa ndiye pagona nkhani yonse: tizilombo timawerenga maola, pamene zida za thupi zimawerenga masiku.

Mayi wapakati ali ndi vuto lina lapadera. Mwana amene wanyamulayo theka lake ndi la bambo, ndiye kuti kwa asilikali a mayi iye ndi mlendo, ndipo kuti asamuthire nkhondo, thupi limawaweta asilikaliwo m'njira zina pa miyezi isanu ndi inayi yonse. Sikuti amagona tulo, koma matenda ena amapezerapo mpata. Kuchepa magazi, kusowa chakudya chokwanira ndi kachilombo ka HIV kosalandira mankhwala zimawafooketsa koposa.

Ng'oma yochenjeza

Nanga kutenthako kumachokera kuti? Asilikali akakomana ndi mdani amatulutsa timadzi tonyamula uthenga, ndipo uthengawo umayenda ndi magazi kukafika pa kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus, kamene kamasunga muyezo wa kutentha kwa thupi. Kachigawoko kakamva, kamakweza muyezo. Pamenepo thupi limadziona ngati lazizidwa, ngakhale kunja kuli dzuwa la Okutobala: mitsempha ya pakhungu imafinyika, manja amazizira, mano amagwedezeka, munthu n'kumanjenjemera kufikira kutentha kutakwana pa muyezo watsopano uja. Ndipo pali phindu lake. Asilikali amayenda mofulumira m'thupi lotentha, tizilombo tina timaswana mochedwa, ndipo chiwindi chimatumiza lamulo lobisa ayironi wa m'magazi, amene tizilombo timamufuna kuti tikule, monga anthu obisa chimanga pakumva kuti nkhondo ili pafupi.

Tsono kutentha thupi si mdani mwini wake; ndi ng'oma yolengeza kuti mdani walowa. Wopatsa mayi panado n'kukhala pansi, ataona kuti thupi lazizirapo, ali ngati munthu wolanda ng'oma kwa mlonda kuti mudzi ugone bwino.

Komabe ng'omayi ili ndi mtengo wake kwa mwana. Iye alibe kwina kotayira kutentha kwake koma mwa mayi ake, ndipo nthawi zonse amakhala wofundirapo kuposa mayiyo ndi theka la digiri kapena kupitirirapo pang'ono. Mayi akatentha, mwana amatentha koposa. Mtima wake, umene umagunda pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi, umathamanga kupyola 160, ndipo amafuna mpweya wambiri pa nthawi imene chiberekero chikumufinya. Kutentha kukaphatikizana ndi kuchepa kwa mpweya, ubongo wa mwana ungavulale. N'chifukwa chake ku chipatala amaperekadi paracetamol, panado yemwe uja, koma pamodzi ndi mankhwala opha tizilombo, osati m'malo mwake.

Choopsa chotsiriza chimadza nkhondo ikasefukira m'magazi monse. Uthenga uja umachuluka mopyola muyezo, ndipo thupi limayamba kudzivulaza lokha: mitsempha imalefuka n'kumadontha, magazi amayenda mofooka, impso zimaleka kupanga mkodzo, mayi amapuma mofulumira, amabwebweta kapena kungoti zii. Madokotala amati sepsis. Pa nthawi imeneyi thupi lingathe kuzizira mpaka kutsika pansi pa 36, ndipo a pabanja, pokhudza mphumi yozizira ndi yonyowa, amathokoza kuti malungo atha, chikhalirecho imfa ili pakhomo.

Nsupa ikasweka

Pa tsiku la kubereka malinga atatu aja amagwa limodzilimodzi, ndipo ayenera kugwa, apo ayi mwana sangatuluke. Ntchofu imachoka, khomo la chiberekero limatseguka, nsupa imasweka. Mwana akabadwa, nsengwa imamatuka n'kusiya m'kati bala lalikulu ngati chikhatho cha dzanja. Kuyambira pamene nsupa yasweka, njira ya tizilombo yochokera kunja kukafika kwa mwana ili pululu, ndipo ola lililonse lopitapo ndi mphatso kwa mdani. Ndicho chifukwa chake a chipatala amafunsitsa ola limene madzi adatuluka, ndipo akapyola maola 18 mwana asanabadwe, amayamba mankhwala opha tizilombo ngakhale thupi lisanatenthe.

Tizilombo tambiri timakwera tokha kuchokera m'njira ya mwana ndi ku matumbo a mayi mwini, koma chilichonse cholowetsedwa m'njiramo chimatikankhira m'mwamba. Ngakhale chala cha namwino chovala magolovesi oyera sichiloledwa kupima kawirikawiri: malangizo a WHO amati kamodzi pa maola 4, pokha pakhale chifukwa china. Nanji zala zosasamba, nsanza, kapena masamba ndi mizu yosinja imene ena amaikamo kuti njira ikule! Mankhwala akumwa ofulumizitsa matenda, monga mwanamphepo, ali ndi ngozi yawoyawo, pakuti palibe wodziwa muyezo wake, ndipo chiberekero chofinya mopyola chingathe kung'ambika.

Tizilombo tikalowa m'nsupa, matendawo madokotala amawatcha chorioamnionitis. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, mtima wa mayi kugunda kupyola 100 pa mphindi, mtima wa mwana kuthamanga, mimba kupweteka poikhudza ngakhale pa nthawi yopuma, ndiponso madzi otuluka onunkha kapena ooneka ngati mafinya. Chiberekero chodwala chimatopa msanga, kotero kuti kubereka kumachedwa, ndipo kuchedwako kumapatsanso tizilombo nthawi. Mwana atabadwa, chiberekero chomwecho chimalephera kukhwinyata, mayi n'kutaya magazi ambiri.

Kabelu ka wansembe wa ku Vienna

Zonsezi anthu sadazidziwe msanga, ndipo mbiri ya m'mene zidadziwikira ndi yomvetsa chisoni. Mu 1846 dokotala wachinyamata wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, adayamba ntchito ya uzamba pa chipatala chachikulu cha mu mzinda wa Vienna. Chipatalacho chidali ndi mbali ziwiri zoberekera: ina yophunzirirako ana a sukulu ya udokotala, ina yophunzirirako azamba. Pakati pa 1841 ndi 1846, ku mbali ya madokotala amayi 10 mwa 100 aliwonse ankamwalira, ambiri ndi kutentha thupi atabereka, pamene kwa azamba ankamwalira 4. Mbiriyi idawanda mu mzinda monse, ndipo amayi ena ankagwada pansi kupempha kuti asawagoneke ku mbali ya madokotala.

Anthu ankaganiza zosiyanasiyana: mpweya woipa, manyazi, mantha. Ena adaloza wansembe. Popita kukapereka Masakramenti otsiriza kwa odwala, wansembeyo ankadutsa m'zipinda za mbali ya madokotala, mtumiki wake ali patsogolo kuliza kabelu, ndipo kudamveka kuti mantha a kabeluko ndiwo ankadwalitsa amayi. Semmelweis adapempha wansembeyo kuti azilambalala ndiponso kuti kabelu kaleke kulira. Iye adavomera mosavuta, koma maliro sadachepe konse.

Yankho lidadza ndi imfa ya mnzake. Mu Malichi 1847 dokotala wina, Jakob Kolletschka, adamwalira atachekedwa chala ndi mpeni pong'amba mtembo, ndipo zimene zidapezeka m'thupi mwake zidafanana ndi za amayi aja. Semmelweis adakumbukira kuti ana a sukulu ankachoka ku nyumba yong'ambira mitembo n'kupita kukapima amayi, pamene azamba sankakhudza mitembo. M'mwezi wa Meyi adalamula kuti aliyense asambe m'manja ndi madzi a klorini, mankhwala a mtundu womwe uja umathiridwa m'ndowa pa nthawi ya kolera, asanakhudze mayi. Mu Epulo amayi 18 mwa 100 adamwalira. Mu Juni adamwalira 2. Koma madokotala anzake ambiri adaipidwa nazo, poti n'kovuta kuti munthu wophunzira avomere kuti imfa idali m'manja mwake momwe. Semmelweis adamwalira mu 1865 m'chipatala cha odwala misala, ali ndi zaka 47, chiphunzitso chake chisanalandiridwe.

Mu 1879, ku Paris, Louis Pasteur adaonetsa kuti mwini mlanduwo ndi kachilombo kolumikizana ngati mikanda pa ulusi, kamene kamatchedwa streptococcus. Mu 1935, ku London, Dora Colebrook adatsimikiza kuti kachilomboka kawirikawiri kamachokera pakhosi ndi m'mphuno mwa anthu ozungulira mayiyo, ndipo mu 1936 mlongo wake Leonard Colebrook adayesa mankhwala ofiira otchedwa Prontosil pa chipatala cha Queen Charlotte's. Mwa amayi ogwidwa ndi kachilomboka ankamwalira oposa 20 pa 100. Atayamba mankhwalawo omwalira sadakwane 5. Penisilini, amene Alexander Fleming adamutulukira mu 1928, adafalikira m'zaka za m'ma 1940.

Zimene amachita ku chipatala

Mayi wotentha thupi akafika, namwino amayeza kutentha, kugunda kwa mtima, kuthamanga kwa magazi ndi kapumidwe, namvetsera mtima wa mwana. Amayeza magazi kufuna malungo, amayeza mkodzo, amaika diripi kuti madzi abwerere m'thupi. Akaona kuti tizilombo tili m'chiberekero, amayamba mankhwala olowera mu mtsempha: ampicillin pa maola 6 aliwonse, ndi gentamicin kamodzi pa tsiku. Amapereka awiri chifukwa adaniwo ndi a mitundu ingapo, ndipo wophonyedwa ndi mankhwala amodzi amagwidwa ndi enawo. Ampicillin amagumula khoma la kachilombo. Gentamicin amaimitsa ntchito za m'kati mwake. Mankhwalawa salowa m'malo mwa asilikali a m'thupi, koma amachepetsa adani mpaka asilikaliwo athe kutsiriza nkhondo. Chipatala chaching'ono chikafuna kutumiza mayi ku chachikulu, jekeseni woyamba ayenera kuperekedwa ambulansi isananyamuke.

Ena amafunsa ngati sikwabwino kudikira kuti mwana ayambe wabadwa, kuopa kuti mankhwala angamuvulaze. Funso limeneli madokotala adalifunsanso. Mu 1988, ku San Antonio m'dziko la America, adasindikiza zotsatira za kafukufuku wa amayi 45 odwala matendawa: ena adalandira mankhwala matenda a kubereka ali m'kati, ena atangobereka. Mwa ana a gulu loyamba palibe ndi mmodzi yemwe adapezeka ndi tizilombo m'magazi, pamene mwa ana a gulu lodikira mmodzi mwa asanu adapezeka nato, ndipo kafukufukuyo adamuimitsa asanathe, poona kuti kupitiriza kudikiritsa amayi kukadakhala kulakwa. Mankhwala opatsidwa mayi amadutsa pa nsengwa kukatchinjiriza mwana asanabadwe.

Koma mankhwala okha sakwanira ngati chisa cha tizilombo chikadali m'kati. Chiberekero chiyenera kukhuthulidwa, ndiye kuti mwana abadwe mosachedwa. Sikuti aliyense wotentha thupi amapita ku opaleshoni. Ngati njira ikutseguka bwino ndipo mwana ali ndi mphamvu, kubereka mwa nthawi zonse ndiko kwabwino, mwina mothandizidwa ndi mankhwala a m'diripi olimbitsa matenda. Opaleshoni ikafunika, a pabanja asazengereze kuvomera, ndipo dokotala amawonjeza mankhwala achitatu. Akapezekanso malungo a udzudzu, amachizidwa nthawi yomweyo.

Akatswiri akufunafunabe njira zopewera. Mu 2023 zidatuluka zotsatira za kafukufuku wa amayi oposa 29,000 m'maiko 7, limodzi mwa iwo Zambia: amayi omwetsedwa azithromycin kamodzi kokha pobereka adadwala sepsis kapena kumwalira 16 pa 1,000, pamene mwa osamwetsedwa adali 24. Wina asatengerepo mwayi wokagula makapisozi pa msika. Kaundula wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wa zaka za 1998 mpaka 2016, adaonetsa kuti mabakiteriya osamva mankhwala akuchulukirachulukira, ndipo chimodzi chowaphunzitsa kukana ndicho kumwa mankhwala mwachisawawa ndi kuwasiyira panjira.

Za khandalo

Mwana amabadwa ndi asilikali osaphunzira. Zida zimene ali nazo ndi zobwereka kwa mayi ake, zodutsa pa nsengwa makamaka m'miyezi itatu yotsiriza. N'chifukwa chake wobadwa masiku asanakwane amadwala msanga, ndipo n'chifukwa chakenso katemera wa kafumbata wobayidwa mayi ku sikelo amatchinjiriza khanda. Zida zina zili mu mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi poyesa ndi woipa, osadziwa kuti akutaya mankhwala amtengo wapatali. Pali mtundu wina wa streptococcus, wa gulu B, umene umakhala mwakachetechete mwa mayi mmodzi pa asanu osamudwalitsa, koma ungathe kupha khanda m'masiku ake oyamba. Tsono mwana wa mayi amene adatentha thupi pobereka ayenera kuyang'aniridwa ku chipatala, ngakhale aoneke wosalala. Wokana bere, wopuma mofulumira kapena mobuula, wotentha kapena wozizira, wolefuka, wokomoka, kapena amene mchombo wake wafiira n'kumatuluka mafinya, asagone naye pakhomo. Pa mchombo pasapakidwe kanthu, koma mankhwala okhawo amene a chipatala apereka.

Gawo la katekisiti

Kafukufuku wa Boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 91 mwa 100 m'Malawi ankabadwira ku chipatala. Ngozi tsono yatsala m'malo atatu: pa njira yopita kumeneko, pa khonde pamene pamakhala odikirira, ndi pakhomo mayi atatulutsidwa.

Za pa njira, katekisiti aphunzitse asanafike masiku. Banja lakutali ndi chipatala litumize mayi ku chidikiro mwezi wotsiriza. Bambo akonzeretu ndalama ya ulendo ndi kupangana ndi mwini galimoto, njinga yamoto kapena ngolo. Nsupa ikasweka mayi anyamuke, ngakhale sakumva kupweteka kulikonse. Akuluakulu adati ndionetsetse adathetsa nkhosa. Kuli mwambo m'madera ena wakuti mwana akachedwa kutuluka, amayi achikulire amamuzinga wodwalayo kuti aulule amuna amene adayenda nawo, kapena amayamba kufufuza mayendedwe a mwamuna wake. Mkhristu asalowe nawo m'bwalo lotere. Machimo ali ndi malo ake oululira, kwa wansembe ndi mwachinsinsi. Kachilombo sikafunsa za makhalidwe a munthu, ndipo pamene bwalo likuzenga mlandu iko kakuswana.

Za odikirira, mayi wa Mpingo woperekeza mnzake asambe m'manja ndi sopo asanamukhudze, asalole mankhwala a m'botolo kulowa mobisa m'chipinda, ndipo akaona kunjenjemera, kubwebweta kapena fungo, akauze namwino mwaulemu koma mosaopa, ngakhale kawiri. Wodwala chifuwa kapena pakhosi asiyire ena ntchitoyi.

Za pakhomo, bala la m'chiberekero silipola tsiku limodzi, ndipo masiku a chikuta ndiwo amene tizilombo timakonda. Akhristu akumbuke Gianna Beretta Molla Woyera, dokotala wa ku Italy, amene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adamulemba m'gulu la Oyera pa 16 Meyi 2004. Iye adabereka mwana wake wachinayi pa opaleshoni pa 21 Epulo 1962, Loweruka Loyera, ku Monza. Patangopita maola ochepa thupi lidatentha, tizilombo tidafalikira m'mimba, ndipo adamwalira pa 28 Epulo ali ndi zaka 39. Ngati matendawa adagonjetsa dokotala wozingidwa ndi madokotala anzake, sangalekereredwe m'nyumba ya kumudzi. Mayi wa khanda wotentha thupi, womva kupweteka m'munsi mwa mimba, wotuluka zonunkha, kapena amene bala la opaleshoni latupa, abwerere ku chipatala tsiku lomwelo.

Pemphero lili ndi malo ake, ndipo lingathe kunenedwa m'ngolo ikuyenda. Wodwala kwambiri ali ndi ufulu wolandira Sakramenti la Kudzoza Odwala, koma asamusunge pakhomo kudikira wansembe. Uthenga upite kwa bambo mfumu pa lamya kuti akamupeze ku chipatala. Khanda likabadwa lili pa ngozi ya imfa, munthu aliyense angathe kulibatiza pothira madzi pamutu ndi kunena mawu a Ubatizo, ndipo pambuyo pake akadziwitse ku parishi kuti lilembedwe m'buku.

Ponyamuka asaiwale bukhu la ku sikelo, nsalu zochapa ndi zouma bwino padzuwa, ndi madzi akumwa. Wina wodziwa kulemba alembe pa kapepala ola limene nsupa idasweka, maonekedwe ndi fungo la madziwo, ola limene thupi lidayamba kutentha, ndiponso mankhwala onse amene mayi wamwa kapena kuikidwa, a pa golosale ndi a kutchire omwe, osabisako. Kapepalako akapereke m'manja mwa namwino pofika.